Sitima yapeza mapointi 88, ndiwatenge amayi anga?

Nambewe:
Abale, ndithandizeni nzeru. Mwezi wamawa ndikufuna kukwera sitima yapamadzi yokaona malo, yonyamukira ku Miami m'dziko la America, pamodzi ndi amayi anga azaka 74. Iwowa akangotsegula m'mimba tsiku limodzi amafookeratu, mpaka kuwaika dripi. Ndaona pa intaneti kuti a CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, anaipatsa sitimayi mapointi 88 pa 100 pa zaukhondo. Ndi zabwino zimenezi, kapena ndibweze matikiti?

Wakukhitchini:
Mayi, 88 ndiye kuti inakhoza, yolephera ndi imene yapeza 85 kutsika m'munsi. Koma musakhutire ndi nambalayo, tsegulani lipoti lonse muone pamene mapointi 12 aja anatayikira. Ine ndagwira m'khitchini ya sitima zaka zinayi. Oyendera zaukhondo amabwera kawiri pachaka mosachenjeza, sitima ikakocheza padoko la ku America. Ndimakumbukira wina atagwada ndi tochi kusuzumira kunsi kwa makina odulira nyama, kenako n'kubaya kachipangizo koyezera kutentha mu nkhuku ya mufiriji. Ikapitirira madigiri 5 a Celsius, mwalakwa basi. Amayezanso klorini m'madzi akumwa ndi m'madziwe osambira, n'kuwerenga kaundula wa odwala. Matailosi osweka asakudetseni nkhawa kwambiri. Koma mukawerenga kuti wophika anapitiriza ntchito akutsegula m'mimba, pamenepo mpoopsa, chifukwa lamulo limati akhale payekha mpaka patadutsa maola 48 chisiyireni kudwala.

Namwino_Tiya:
Ndionjezereko, achemwali. Kachilombo kovuta kwambiri m'sitimazi ndi norovirus, koyambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo nthawi zambiri kamalowa ndi apaulendo eniake. Sitima ikhoza kupeza 100 lero, mawa wina n'kukwera akudwala, n'kugwira supuni yopakulira imene anthu mazana agwirenso. Sanitaiza sakapha bwino kachilomboka. Amayi azisamba m'manja ndi sopo kwa masekondi 20 asanadye komanso pochokera kuchimbudzi. Akayamba kusanza musabise poopa kuwatsekera m'chipinda, pitani nawo kwa dokotala wa m'sitimamo tsiku lomwelo. A CDC amaikanso sitima pamndandanda wa pa intaneti odwala m'mimba akafika 3 pa 100 alionse, ndiye fufuzani ngati dzina la sitimayo likupezeka pamndandandawo.

Nambewe:
Zikomo kwambiri nonse. Lipoti ndaliwerenga: makina otsukira mbale madzi ake sankatentha mokwanira, ndipo anapeza tintchentche pamalo ogulitsira zakumwa. Za wantchito wodwala palibe, pamndandanda uja sitimayo mulibenso. Matikiti sindibweza. Amayi ndawauza kale kuti chakudya ndiziwapakulira ndine.