Chinyontho pakhoma la nyumba yakale ku Leicester, ku England

Moni nonse akuluakulu. Nyumbayi ndi ya njerwa zofiira, yomangidwa cha m'ma 1900, makoma a mainchesi 9 opanda mpata pakati. Khoma la pabalaza limanyowa kuchokera pansi mpaka mita imodzi, pulasitala akufufuma, penti akusupuka, mchere woyera ukutuluka ngati ufa.

Ma gutter (ngalande za madzi a padenga) anakonzedwa, mankhwala oletsa chinyontho anabayidwa m'njerwa, dehumidifier (makina ochotsa chinyontho mumpweya) siizima, koma mvula ikangogwa zabwereranso. Ndikukayikira simenti imene eni akale anamata m'mizere ya njerwa kunja, poti imatsekera madzi mkati pomwe laimu amawalola kutuluka.

Kodi ndigobe simentiyo yonse n'kumata laimu wa NHL 3.5 (mtundu wa laimu womangira amene amalimba akasakanizidwa ndi madzi), ndowa imodzi pa ndowa 3 za mchenga? Nanga poti laimu sagwirizana ndi chisanu, ndidikire mpaka April?