Ndithandizeni kumvetsa zosema zolira anthu ophedwa pa nkhondo yapachiweniweni

Abale ndithandizeni, ndili ndi asayimenti ya luso la zosema koma mutu waima. Ndikuwerenga za mayi wina wa ku Colombia, Doris Salcedo, amene ntchito zake zambiri ndi zolira anthu ophedwa kapena osowa pa ziwawa za kwawoko. Chikundidabwitsa nchoti sasema nkhope ya munthu olo imodzi. Mu 2002 anatsitsa mipando yopanda anthu pang'onopang'ono pakhoma la Palace of Justice, nyumba ya khoti lalikulu ku Bogotá, pokumbukira omwe anafera pomwepo mu Novembala 1985, ndiye pa ntchito ina yotchedwa Atrabiliarios anatenga nsapato zakutha za azimayi nkuziika m'mabowo a pakhoma nkutseka ndi chikhodzodzo cha ng'ombe chosokerera ndi ulusi, moti nsapatozo zimangooneka mbuu.

Koma Fragmentos ya 2018 ndiye yandikhudza zedi. Zida zokwana matani 37 za FARC, gulu lomwe linkamenyana ndi boma la Colombia, anazisungunula nkupanga pansi poti anthu azipondapo, ndipo azimayi omwe anagwiriridwa pa nkhondoyo ndi amene ankasula zikombole zake ndi nyundo.

Funso langa ndi ili, kodi kusaonetsa nkhope kapena dzina la womwalira ndi ulemu, kapena kumangopangitsa kuti munthuyo asowenso kachiwiri? Ineyo mtima ukundiuza kuti mayi wotaya mwana angafune kuona dzina lake penapake, mwina ndikulakwitsa. Komanso aphunzitsi akufuna ndimufanizire ndi wosema wina, ndaganiza za Throne of Weapons ya Cristóvão Canhavato wa ku Mozambique poti nayo ndi ya mfuti, zingagwirizane kapena pali wina mungandiuze?