Boma liyambire pati pothandiza ife a ku Zomba?

Mayi wa ku Chinamwali:
Abale anga, ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi mumsika waukulu, bambo a kunyumba amapalasa kabaza. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya tsiku imathera pa ufa ndi makala, lendi timachita kupepesa. Tsono boma liyambire pati? Feteleza wotsika mtengo, ngongole za bizinesi, kapena Mtukula Pakhomo?

Mlimi wa ku Jali:
Mayi, ine ndikuti misika ya mbewu. Feteleza amathandiza ndithu, koma tikangokolola mavenda amafika ndi masikelo awo n'kutigula chimanga pamtengo wozizira. Ikafika Januwale chimanga chomwecho tikugulanso modula. Misika izitsegulidwa nthawi yokolola, ndalama zili m'manja.

Mphunzitsi wa ku Matawale:
Mtukula Pakhomo ndi wa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, ndiye inu mayi simungalowemo. Vuto ndi lakuti chichokereni likulu kupita ku Lilongwe mu 1975, tauni ino imangodalira malipiro a asilikali, apolisi, aphunzitsi ndi ana a ku Chanco. Mpunga wa ku Domasi ndi ku Likangala, bwanji osaupuntha ndi kuulongedza konkuno, anyamata athu n'kupeza ntchito?

Mayi wa ku Chinamwali:
Aphunzitsi, za Chanco mwalasa. Ana aja akapita kuholide, tomato amandiolera pabenchi. Koma ngongole musaiiwale. Chaka chatha ndinakafunsa kwina, anati ndibweretse chikole. Chikole chake chiti, njinga ya bamboyo?