Alangizi anzanga, kodi kulemba pa X kuli ndi phindu?

Akuluakulu a pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo abwana atiuza kuti tonse titsegule akaunti pa X, ija inkatchedwa Twitter mpaka 2023, kapena pa Threads, tsamba lina la pa intaneti lofanana ndi X, n'kumalemba mwachidule zomwe tikuona m'minda. Akuti tizilumikizana ndi aphunzitsi a m'mayunivesite ndi ofufuza. Ine mtima ukukayika. Alimi ambiri omwe ndimawayendera alibe foni za intaneti, ndiye ndizilembera ndani? Chinanso, uthenga wa pa X umathera pa zilembo 280 ngati sulipira. Ulangizi ungakwane m'malo ochepa chonchi? Amene mwayesapo, ndiuzeni zoona, ndisataye bandulo pachabe.

Mphunzitsi wa ku yunivesite:
Achimwene, simulembera alimi, mulembera ife. Ife timakhala m'kalasi ndi mu labu, zomwe zikuchitika kumunda timazimva mochedwa, lipoti litadutsa m'maofesi angapo. Mukajambula tsamba la mbewu lomwe lachita mawanga n'kulemba kuti lili ndi masabata angati komanso mvula yagwa bwanji, katswiri wa matenda a mbewu akhoza kukuyankhani tsiku lomwelo. Kumbukirani ntchemberezandonda zachilendo zija: zinaoneka koyamba mu Africa mu 2016, kumadzulo, ndipo zinafalikira mayiko ambiri m'kanthawi kochepa. Pa mliri wotero chithunzi chimodzi chofika msanga chimaposa lipoti lokongola lofika mbewu itatha kale. Nafenso zimatithandiza, chifukwa kafukufuku wathu amangogona m'mabuku omwe alangizi sawaona.

Mlangizi mnzanu:
Ine ndinayamba chaka chatha. Miyezi iwiri yoyamba ndinkangolankhula ndekha ngati wamisala, palibe woyankha. Zinasintha nditayamba kutsatira mabungwe ngati FAO (la United Nations loona za chakudya ndi ulimi) ndi CIMMYT (lofufuza za chimanga ndi tirigu), kuyankha pa zolemba za ena, komanso kuika hashtag, kutanthauza chizindikiro cha # kutsogolo kwa dzina la mbewu yomwe ndikukamba. Musadandaule za zilembo. Threads imalola 500, ndipo pa X mukhoza kulumikiza mauthenga angapo motsatizana.

Mayi wina, wopuma pa ntchito ya ulangizi:
Mwananga, chenjera pa chinthu chimodzi. Mlingo wa mankhwala ophera tizilombo usamaulembe m'mauthenga amenewa. Wina adzajambula theka la uthengawo n'kulitumiza pa WhatsApp, chenjezo la kudziteteza litaduka, mlimi n'kuwotcha mbewu kapena kudzivulaza. Uziti awerenge zolembedwa pa botolo kapena aonane ndi mlangizi. Ndipo usamajambule nkhope ya mlimi kapena munda wake osapempha chilolezo.

Membala wina:
Koma abwana anuwo akupatsani ndalama ya bandulo? Funsani zimenezo kaye.

Wofunsa uja:
Za bandulozo mwandigunda pomwe pakupweteka, ndikafunsa Lolemba. Zikomo amayi, za mankhwalazo ndikanalakwitsa ndithu. Aphunzitsi, mwanditsegula maso, ndimaganiza kuti omvera ndi alimi okha. Ndiyamba ndi zithunzi ziwiri pa sabata. Funso lotsala ndi ili: ndizilemba m'Chingelezi kuti ofufuza akunja amve, kapena m'chinenero chomwe alimi anga amamva, poti ana awo ena ali ndi mafoni?