Mchombo wa mwana wanga ukutuluka timadzi, nditani?

Membala wobisa dzina: Admin mundibisire dzina, alamu anga ali m'gulu lomweli. Ndinachira pa opaleshoni, mwana woyamba, wamwamuna. Bambo ake ali ku Joni, ndalama anatumiza kwa amayi awo, ine ngakhale ya sopo sindinaione. Apongoziwo anabwera kuti adzandisamale m'chikuta koma matewera ndikuchapa ndekha ndi bala langali. Dzulo ndawapeza akupaka zinazake pamchombo wa mwana, ati ugwe msanga. Lero pakutuluka timadzi, pakununkhanso. Sindinagone amayi anzanga.

Amake Awiri: APONGOZI AMENEWO ABWERERE KWAWO LERO LOMWE! Anga anandidyetsa therere sabata yonse ndili m'chikuta, nyama akudya okha.

Namwino Wopuma: Mwana wanga, khandalo lili ndi masiku angati? Likuyamwa? Thupi likutentha? Khungu lozungulira mchombo lafiira?

Gogo wa ku Ntcheu: Ana inu musamanyoze akuluakulu. Ife tinalera ana 7 opanda zanuzi. Chachikulu ayang'anire mchombowo usagwere kumaliseche, mwana wamwamuna amasanduka gojo.

Amake Awiri: Agogo, zimenezo ndi zomwe zikutipweteketsa! Nanga ndalama za mwini wake kudya ndi mwambonso?

Bambo Phee: Koma azibambo a ku Joni tatchuka 😂 ife tikugona asanu chipinda chimodzi kuno.

Mayi Wachisoni: Ine pobereka wachiwiri anamwino anandisiya ndekha usiku wonse, ndikuitana palibe wobwera, mwana anabadwa wondidikirira ali panja. Mpaka lero ndikaona chipatala mtima umagunda.

Namwino Wopuma: Pepani mayi, siziyenera kutero. Koma uyu tisamuopseze, akufunika apite. Mchombo umauma wokha n'kugwa pa sabata imodzi kapena ziwiri. Phulusa, dothi kapena masamba zimalowetsa tizilombo, ngakhale ta kafumbata. Pamapakidwa mankhwala opha tizilombo a chlorhexidine okha ngati akupatsani kuchipatala, thewera lizimangidwa m'munsi kuti mchombo uzipitidwa mphepo. Fungo ndi mafinya si zodikira sikelo.

Mlongo mwa Ambuye: Pemphererani mwanayo, pali anthu ansanje. Inbox.

Amake Awiri: NDANENA KALE vuto si mchombo, vuto ndi apongozi! Muimbireni mwamuna wanu pa WhatsApp asankhe, inu kapena amake.

Nachisale: Sipiliti basi, anga onse ndinkapaka sipiliti.

Mphunzitsi wa Pulayimale: Imbani Chipatala Cha Pa Foni, ndi ulere. Komanso pa opaleshoni musamanyamule zidebe, bala lingatseguke.

Nachisale: Nambala yake ndi iti?

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Amake Awiri mwanena zoona, panopa ayambanso kunena kuti mwanayu sakufanana ndi akwawo. Ndalira.

Namwino Wopuma: Zimenezo mudzakamba mawa. Ndiyankheni kaye, akuyamwa kapena ayi? Ngati wafooka, akutentha kapena akukana bere, tengani buku lake la kuchipatala, mubwereke ya galimoto kwa aneba mupite pompano. Mukawauzenso kuti panapakidwa mankhwala akumudzi, musabise.

Amake Awiri: Mwaona? Sakufanana ati! Anganso anatero ndithu.