Kodi pulasitala ingagwire pa polystyrene amene wakhalitsa padzuwa?

Akuluakulu odziwa za zomangamanga, ndithandizeniko nzeru.

Nyumba yanga inaima isanathe, ndalama zitandithera. Apa n'kuti kunja kwa makoma titamata kale mabolodi a polystyrene, aja oteteza nyumba ku kutentha ndi kuzizira, koma pulasitala tisanapake. Ndiye akhala pamtetete choncho, dzuwa likuwomba, mvula ikukwapula. Pano asanduka achikasu, ndipo ukapititsa chikhatho pamwamba pake chimatuwa ndi fumbi ngati ufa. Mbali imene sikufika dzuwa kwamera ndere, m'makona mbalame zajompha, ndipo mabolodi ena ukawadina akugwedera.

Mmisiri wina akuti tingotsuka ndi madzi basi, n'kupaka simenti ya mchenga yanthawi zonse. Ine sizikundimvekera. Pulasitala ingagwire bwanji pa fumbi limenelo? Ndimadziwa kuti polystyrene amafuna kaye simenti yake yomatira, yopyapyala, imene amamizamo mesh (kaukonde kolimbitsa) ya fibreglass asanamalizitse pamwamba. Pulasitala wamba ndi yolemera, siichedwa kung'aluka.

Chimene ndikufunitsitsa kudziwa n'chakuti, kupala chikasucho ndi sandipepa mpaka poyera paoneke n'kokwanira, kapena dzuwa limawononga mpaka mkati? Nanga ogwederawo, ndingowonjezera misomali yapulasitiki yogwiritsa mabolodi kukhoma kapena ndiwachotseretu? Chinyezi ndiye chikundisowetsa tulo, chifukwa madzi akhala akulowera m'mipata ya pakati pa mabolodi. Ndidziwa bwanji kuti kuseri kwauma ndisanatseke?

Amene munakumanapo nazo, munatani, ndipo khoma lanu lili bwanji pano?