Praktikolo ya mandimu yandikanika, Lachinayi ndikanena chiyani m'kalasi?

Mphunzitsi wa Personality:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu wandiima. Dzulo masana ndinachita praktikolo ya mandimu ndi a chaka chachiwiri, yoyesa ganizo la katswiri wa za umunthu Hans Eysenck loti ma introvert (anthu ofatsa, osakonda zochezacheza) amatulutsa malovu ambiri kuposa ma extravert (okonda kucheza) akalawa ndimu. Anayamba adzaza EPQ (mafunso a Eysenck oyeza umunthu), kenako thonje pansi pa lilime masekondi 20, pasikelo, madontho a ndimu palilime, thonje lina, pasikelo. Usiku ndalowetsa zonse mu SPSS (pulogalamu yowerengera data), scatter yake, girafu ya timadontho ija, ngati mchenga womwaza. Ma introvert amene amayenera kutulutsa malovu ambiri, ena thonje lawo louma gwa. Mnyamata wa E (extraversion) yokwera kuposa onse ndiye wanyowetsa lake mpaka kudontha. Lachinayi ndili ndi lecture ya ARAS (mbali ya ubongo yotisunga odzuka) ndi limbic system (mbali yokhudza mmene timamvera mumtima), ndipo slide yoyamba ikuti ubongo wa introvert umakhala wodzuka kale, n'chifukwa chake amathawa phokoso. Ndikaima bwanji kutsogolo pamene data ya ana omwewo ikunditsutsa? Ndibwereze kapena ndingoitaya?

Wa ku Lab:
Aphunzitsi, sikelo yanu imawerenga mpaka pati? Ngati siifika pa 0.01 g musavutike n'kuwerengera. Ndipo thonje munaliyeza lisanalowe m'kamwa? Timapisi timeneti sitilemera mofanana. Ine chaka china ndinapeza ana atasanjika thonje lonyowa patebulo pafupi ndi zenera, kudikira mzere wa sikelo imodzi. Amene anali kumapeto lawo linali litayamba kuuma. Kuyambira pamenepo ndimawapatsa timabotolo totseka, kuyeza botolo ndi thonje pamodzi.

Bambo a Neuro:
Vuto si sikelo, vuto ndi slide. Mukuphunzitsabe za Eysenck za 1967 ngati kuti palibe chachitika. Extraversion ndi dopamine, kemikolo ya mu ubongo yokhudzana ndi mphotho. Depue ndi Collins anazifotokoza bwino mu 1999: VTA ndi nucleus accumbens, mbali za ubongo zogwira ntchito ndi dopamine, kuthamangira mphotho. Munthu wa E yokwera sikuti ubongo wake wagona ndiye akufuna chomudzutsa ayi, koma kuti chinthu chokoma chikaonekera patsogolo iye chimamukoka kwambiri. Tayani mandimuwo.

Mayi a Psychometrics:
Musafulumire kutaya, achimwene. Mwati masana? Pamenepo pokha pali nkhani. Revelle ndi anzake mu 1980 anapeza kuti caffeine m'mawa amathandiza anthu a impulsivity (kuchita zinthu mopupuluma) yokwera n'kusokoneza a impulsivity yotsika, koma madzulo zinthu zimatembenuka. Tanthauzo lake, arousal, kudzuka kwa ubongo kuja, si nambala imodzi imene munthu amayenda nayo tsiku lonse. Ana anu ena anali atangodya, ena amwa khofi, ena akutafuna chingamu pakhomo. Komanso kumbukirani kuti E ya mu EPI ya 1964, mafunso akale a Eysenck, inali ndi impulsivity yambiri, pamene ya mu EPQ ya 1975 yatsamira ku sociability, kukonda kucheza ndi anthu. Mukayeza ndi EPQ n'kumayembekeza zotsatira za makafukufuku a EPI, mukupima ndi muyeso wina.

Mphunzitsi wa Personality:
Sikelo ndi ya 0.01. Koma za kudya sindinawaletse, ndipo angapo anameza ndimuyo ngakhale ndinawauza kuti asameze. Za EPI ndi EPQ sindinaziganize n'komwe, zikomo mayi.

Bambo a Neuro:
Ngakhale mutawasalitsa kudya usiku wonse. Malovu akuuzani chiyani za mphotho? Gray anaona kale mu 1970 kuti ma axis a Eysenck, E ndi N (neuroticism, kusachedwa kuda nkhawa), afunika kupotozedwa, n'chifukwa chake tili ndi BAS (yotikokera ku mphotho) ndi BIS (yotibweza pakaoneka chilango). Apatseni ana mafunso a BIS/BAS a Carver ndi White a 1994, nkhani ithe.

Wa Statistics:
Bambo, dopamine yanuyo mukuinena ngati munaiyeza m'kalasi. BIS/BAS ndi pepala la mafunso, monga EPQ. Palibe amene wakhudza nucleus accumbens ya mwana pomufunsa ngati amakonda kuyesa zatsopano.

Chenjezo langa ndi la zithunzi za ubongo zimene timakonda kuika pa slide. Kafukufuku wa Canli wa 2002, uja wa amygdala (kachigawo ka ubongo kokhudza mantha ndi zina zomwe timamva mumtima) yoyaka kwambiri mwa ma extravert akaona nkhope zosangalala, anali wa anthu ochepa zedi. DeYoung mu 2010 anali ndi anthu 116, n'kupeza extraversion ikugwirizana ndi kukula kwa medial orbitofrontal cortex, mbali ya kutsogolo kwa ubongo. Koma Avinun ndi anzake mu 2020 atayang'ana anthu oposa 1,000 anapeza umboni wochepa kwambiri wolumikiza Big Five (mbali zisanu zikuluzikulu za umunthu) ndi kapangidwe ka ubongo. Kenako Marek mu 2022 mu Nature ananena mosabisa kuti makafukufuku otere amafuna anthu masauzande, pamene ambiri akale ankakhala ndi anthu pafupifupi 25. Ndiye aphunzitsi, kalasi imodzi ndi thonje, mumayembekezera mzere wowongoka? Scatter yanuyo ndiyo phunziro lenileni. Ionetseni Lachinayi, muwafunse ana okha kuti chasokoneza n'chiyani.

Mayi a Clinical:
Ine nkhawa yanga ili kwina. Nonse mwakangamira E, koma EPQ ili ndi N, ndipo ana awona okha zotsatira zawo. Nthawi ina mtsikana anabwera mu ofesi mwanga atagwira pepala lake alipindapinda, manja akunjenjemera. M'kalasi anamva kuti N yokwera ndiye kuti amygdala yako imachita phuma, iye n'kumva kuti ubongo wake unabadwa wowonongeka ndipo matenda a nkhawa akumudikira. Tinakhala ola lathunthu. Zoona, neuroticism imakweza mpata wa nkhawa ndi kukhumudwa kwakukulu, sitingabise. Koma si matenda, ndipo kwa anthu ambiri imatsika akamakula. Chonde musaike ma score pabolodi ndi mayina kapena manambala a ana. Ndipo liwu loti neurotic musalitchule ngati dzina la munthu.

Wa Masters:
Pepani akuluakulu ndilowerere pang'ono, ndine wamng'ono pano. Ine mu proposal ndalemba kuti 5-HTTLPR, ija yokhudza kemikolo ya mu ubongo yotchedwa serotonin, ndiye jini ya neuroticism, potsatira Lesch 1996. Kodi ndalakwitsa?

Wa Statistics:
Chotsa mng'ono wanga, asanakugwire pa defence. Zimenezo sizinabwerezeke bwino m'makafukufuku akuluakulu. Wa Nagel wa 2018 unali ndi anthu 449,484 ndipo unapeza malo 136 mu DNA, alionse ndi kamphamvu kakang'onong'ono. Makafukufuku a mapasa amati chibadwa chimatenga pafupifupi 40 peresenti, koma jini imodzi yonyamula zonsezo kulibe.

Bambo a Neuro:
Serotonin yagwa, inde. Dopamine ikadalipo. Ndikubwereza, extraversion ndi mphotho.

Mayi a Psychometrics:
Palibe wakana, bambo. Mwa maganizo onse amene alipo, a mphothowo ndi amene ali ndi umboni wabwinoko, makamaka pa mbali ya khama ndi kufuna kutsogolera. Koma chikondi chocheza ndi anthu Depue yemweyo sanachiike pa dopamine yokha. Ndipo Gray amene mukumutchulayo anasintha zake mu 2000 ndi McNaughton: mantha anapita ku FFFS (ya kumenya, kuthawa kapena kuuma thupi), BIS inatsala yoyang'ana pamene zolinga ziwiri zikukokana, mbali ya ubongo yotchedwa septo-hippocampal system ili pakati. Mafunso a 1994 analembedwa kusinthaku kusanachitike.

Wa ku Lab:
China aphunzitsi, ana a masiku ano amafufuza pa intaneti muli mkati molankhula. Wina adzadzutsa nkhani ya 2019, pamene King's College London inanena kuti mapepala 26 a Eysenck ndi osadalirika. Anali a umunthu ndi khansa ndi matenda a mtima, aja analemba ndi Grossarth-Maticek, osati a arousal. Ine linandipeza funso limeneli ndisanakonzeke, kalasi yonse inangoti zii kundiyang'ana. Muyambe ndinu kuitchula.

Mukati mubwereze, chitani m'mawa, ndimu wofinya pomwepo, ndipo funsani kaye ngati wina ali ndi zilonda m'kamwa kapena akumwa mankhwala owumitsa kukhosi monga a chimfine.

Wa Masters:
Nanga EEG, yoyeza mafunde a magetsi a mu ubongo? Kwathu kuli makina a ma channel ochepa amene akungokhala. Mafunde a alpha sangathandize kuyeza arousal kuposa malovu?

Bambo a Neuro:
Alpha pa extraversion zotsatira zake zakhala zikutsutsana kuyambira kale. Ngati makinawo akugwira, yezani mmene ubongo umayankhira munthu akapambana kapena kuluza pa kamasewera, muone reward positivity, chizindikiro cha pa EEG chimene chimabwera munthu akapambana. Koma yambani mwaona ngati gel wake sanaume m'botolo.